Khanda Limadya Ndalama Zingati, Nanga Akulipira Ndani?

M'maofesi a Boma, m'mabasi ndiponso pa misonkhano ya m'madera, dandaulo limene likumveka kawirikawiri masiku ano ndi lakuti kulera khanda kwasanduka ntchito ya anthu opeza bwino okhaokha. Kalaliki wa pa boma akuti malipiro ake akumatha mwezi usanafike ndi pakati pomwe chifukwa cha matewera ndi mkaka, pamene mphunzitsi wa kumudzi akuti adalowa katapila sabata imene mkazi wake adachira, ndipo mpaka lero sadatulukemo. Madandaulo otere si a anthu aulesi ayi. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 mwa magawo 100 mu Meyi 2022, ndipo idachepetsedwanso ndi magawo 44 mu Novembala 2023, kotero kuti katundu yense wochokera kunja, kuyambira mafuta odzoza mwana mpaka chitini cha mkaka, adakwera mtengo. Wotsutsa zimenezi ndiye kuti adasiya kalekale kulowa m'sitolo.

Komabe munthu akamvetsera modekha apeza kuti odandaulawo amathira ngongole zosiyana m'thumba limodzi. Zimene khanda limafunadi kuti likhale ndi moyo ndi zina, ndipo zimene makolo amagula kuti aoneke bwino pamaso pa anansi awo ndi zinanso. Kuonjezera apo pali ngongole ina yoposa zonsezi, imene siitchulidwa m'basi ngakhale pa msonkhano, pakuti woilipira ndi mayi, ndipo amailipira ndi thupi lake ndi nthawi yake, osati ndi makwacha. Atsogoleri a chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi onse ogwira ntchito za Boma, ndiwo amafunsidwa nzeru ndi anthu pa nkhani zotere. N'koyenera tsono kuti azidziwa chimene akuyankha.

Ndalama zimayamba kutuluka mwana asanaoneke. M'zipatala za Boma sikelo ya amayi oyembekezera salipiritsa, ndipo kubereka salipiritsanso, koma ulendo wopita kumeneko ngwolipira. Mayi wokhala makilomita 15 kuchokera ku chipatala ayenera kupeza ndalama ya kabaza ulendo ulionse, kupita ndi kubwerera. Masiku akayandikira amauzidwa kuti akonzeretu zitenje zingapo zochapa bwino, beseni, pepala la pulasitiki loyala pa bedi, lezala latsopano ndi ulusi womangira mchombo. Akakhala wa kutali amakakhala ku chidikiro, mwina sabata 2 kapena kuposerapo, pamodzi ndi mbale wake womuyang'anira, ndipo awiriwo amayenera kunyamula ufa, ndiwo ndi nkhuni zawo. Zikachitika mu Januwale, ndiye kuti anthu awiri achoka m'munda nthawi yopalira ndi kubandira, ndipo kuchepa kwa chimanga kudzaonekera m'nkhokwe mu Meyi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti ana 91 mwa ana 100 alionse adabadwira m'chipatala. Chimenechi ndi chinthu chonyaditsa, koma poyamikira madokotala ndi anamwino, anthu asaiwale kuti mbali ina ya mtengo wake idasenzedwa ndi mabanja osauka a kumidzi.

Mbali imene Boma limalipira nayonso ambiri saiwerengera, chifukwa chinthu chimene munthu walandira osatulutsa ndi tambala yomwe amachiyesa chopanda mtengo. Khanda likangobadwa limalandira katemera wa chifuwa chachikulu ndi wa poliyo. Likakwanitsa sabata 6, 10 ndi 14 limalandira katemera woteteza ku matenda asanu nthawi imodzi, kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima. Katemera wa chibayo adayamba kuperekedwa mu 2011, wa kachilombo kotsekula m'mimba ka rota mu 2012, ndipo mu Epulo 2019 dziko la Malaŵi lidakhala loyamba pa dziko lonse lapansi kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'maboma osankhidwa. Pa miyezi 9 pamabwera katemera wa chikuku. Zonsezi zimagulidwa ndi misonkho ya anthu pamodzi ndi thandizo la maiko ndi mabungwe akunja, monganso masikito amene amayi amalandira kusikelo. Zipatso zake n'zooneka: kafukufuku wa 1992 adaonetsa kuti ana 234 mwa ana 1,000 obadwa amoyo ankamwalira asanakwanitse zaka 5, koma pofika 2015-16 chiwerengerocho chidali chitatsika kufika pa 63.

Apa pali mawu oyenera kupita kwa ogwira ntchito za Boma eni ake. Thandizo laulere limakhala laulere pokhapokha ngati lafika kwa mwini wake. Mayi akafika ku chipatala ndi khanda lotentha thupi, nauzidwa kuti mankhwala palibe, akagule kusitolo, ndiye kuti ngongole ija yachoka m'buku la Boma n'kugwera pamutu pa mayiyo, amene mwina wangotsala ndi ndalama yobwererera kwawo. Nthawi zina mankhwala amasowa chifukwa chakuti ndalama zakunja zogulira zavuta, ndipo pamenepo palibe namwino wolakwa. Koma botolo lolembedwa kuti ndi katundu wa Boma likapezeka likugulitsidwa pa msika, ndiye kuti alipo wina wovala yunifolomu kapena wosunga makiyi amene wabera khanda. Munthu wotere sayenera kubisidwa ndi anzake a mu ofesi, kaya ndi wamkulu chotani.

Tsono nkhani ya mkaka, imene ndiyo phata la dandaulo la anthu a m'tauni. Akatswiri a zaumoyo amawerengera kuti khanda lodalira mkaka wa m'chitini wokha limafuna makilogalamu pafupifupi 20 a ufa wa mkakawo m'miyezi 6 yoyambirira, ndiye kuti zitini 50 za magalamu 400. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa amene Boma lidakhazikitsira ogwira ntchito wamba adali K90,000 pa mwezi, amene ndi K540,000 pa miyezi 6. Munthu angoyerekeza kuti chitini chimodzi chikugulidwa pa K10,000, zitini 50 zija zikwana K500,000. Banjalo latsala ndi K40,000 yoti lilipirire nyumba ndi kugulira ufa ndi ndiwo kwa theka la chaka. Apo n'kuti asanawerengere mabotolo, sopo wotsukira, ndi makala kapena magetsi owiritsira madzi usana ndi usiku.

Chimene chimachitika ndalama zikaperewera n'chodziwika kwa namwino aliyense. Chitini cha masiku 4 amachikoka kuti chifike sabata yathunthu, pothira madzi ambiri ndi ufa pang'ono. Khanda limamwa, mimba n'kudzaza, koma thupi osapezapo kanthu. Makala akatha madzi sawiritsidwa, botolo limangotsukuluzidwa, kenaka kutsekula m'mimba kwayamba, ndipo ndalama imene idapulumutsidwa pa mkaka yathera pa ulendo wa kuchipatala. N'chifukwa chake mu 1981 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, udavomereza malamulo oletsa makampani kutsatsa mkaka wa m'chitini kwa amayi kapena kuwagawira zitini zaulere zowakopera. Palibe amene akunyoza mayi wodwala kwambiri, kapena agogo amene asiyiridwa khanda lamasiye. Kwa iwowo chitini ndicho moyo wa mwana, ndipo ayenera kuthandizidwa kuchipeza. Ngakhale mantha a kachilombo ka HIV, amene kale adachotsa ana ambiri kubere, adachepa kuyambira 2011, pamene dziko lino lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilomboko, njira imene maiko ena ambiri adatengera pambuyo pake. Chodandaulitsa ndi banja limene mayi ali bwinobwino, mkaka uli mbwee, koma lagula chitini poganiza kuti ndicho chizindikiro cha kutsogola.

Koma pali bodza lina limene limanenedwa ndi mtima wabwino, ndipo limamveka ngakhale pa misonkhano ya chitukuko, lakuti mkaka wa m'mawere ngwaulere. Amene amanena zimenezi kawirikawiri ndi abambo. Mkaka umenewu umapangidwa kuchokera ku chakudya chimene mayi wadya, ndipo chakudyacho chikaperewera, thupi lake lomwe ndilo limadyeka. Mayi woyamwitsa amafuna chakudya choposa cha masiku onse, chonga kuonjezera mbale ina pa tsiku. Khanda laling'ono limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku, usiku womwe. Nthawi yonseyo mayi sali kumunda, sali pa msika, sali pa desiki. M'nyumba zambiri mbale ya nyama kapena ya chambo imayambabe yapita kwa bambo, mayi n'kutsala ndi msuzi ndi masamba, kenaka bambo yemweyo n'kumadabwa kuti mwana akungolira. Bambo amene akunyadira kuti kwake sagula mkaka wa m'chitini afunsidwe kuti mwezi uno wagulira mkazi wake mazira angati, nanga nyemba ndi nsomba zochuluka bwanji.

Kafukufuku wa 2010 adapeza kuti ana 71 mwa ana 100 osakwana miyezi 6 ankayamwa bere lokha popanda madzi kapena phala, koma wa 2015-16 adapeza 61 okha. Sikuti amayi adaiwala zimene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa ayi. Uthengawo amaudziwa pamtima, ndipo amachita kuuimba kusikelo asanayambe kukweza ana. Chimene chikuwasowa ambiri mwa iwo ndi nthawi. Achipatala akuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, imene ndi sabata 26. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cholipidwa cha sabata zosachepera 8, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Aliyense wodziwa kuchotsera aona kuti pakutsala sabata 18 zimene Unduna wa Zaumoyo ukufuna kuti mayi akhale pafupi ndi mwana, pamene abwana akumufuna pa ntchito m'mawa ulionse. M'mpata umenewu ndimo chitini chimalowera, pamodzi ndi mtsikana wantchito wolera mwana, amene nayenso afuna malipiro, chakudya ndi pogona.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idakonzanso lamuloli, nipatsa mayi woyamwitsa mpata wa theka la ola kawiri pa tsiku kuti ayamwitse mwana, ndiponso nipatsa bambo tchuthi cha sabata 2 mkazi wake akachira. Apa aphungu adachita bwino. Koma theka la ola silingamukwanire mayi wogwira ntchito ku Capital Hill amene nyumba yake ili ku Area 25 kapena ku Kawale. Pofika pa siteji ya basi nthawi yatha kale. Lamulolo lingathandize pokhapokha mwana atakhala pafupi, kapena patakhala chipinda chaukhondo, chokhala ndi mpando, madzi ndi chitseko chotsekeka, momwe mayi angafinyire mkaka wake m'kapu n'kuusunga, pakuti mkaka wofinya umakhala bwino maola angapo ngakhale popanda filiji. M'maofesi ambiri a Boma muli zipinda zodzaza ndi mafayilo akale ndi mipando yothyoka. Mkulu wa ofesi safunika chilolezo cha Nduna kuti asesetse chimodzi.

Kunena za sabata 8 zija, nthawi yakwana yoti aphungu aziunikenso. Pangano la chaka cha 2000 la bungwe la zantchito pa dziko lonse, la ILO, lidaika sabata 14 ngati muyeso wochepetsetsa. Olemba anthu ntchito amayankha kuti tchuthi chikatalika iwo adzaleka kulemba akazi, pakuti sangalipire munthu amene ali kunyumba ndi kulipiranso womugwirizira ntchito. Mfundoyi njomveka, makamaka kwa mwini sitolo wa antchito atatu, ndipo kuinyoza sikungaichotse. Vuto lagona pakuti lamulo lidasenzetsa katundu yense bwana mmodzi amene wapezeka kuti walemba mkazi wa msinkhu wobereka. Maiko ena adakhazikitsa thumba limodzi limene olemba ntchito onse ndi antchito onse, amuna ndi akazi omwe, amasonkhamo pang'onopang'ono, ndipo malipiro a pa uchembere amachokera m'menemo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatero akale, ndipo thumba lotere likungotsata nzeru yomweyo. Komabe zonsezi zikukhudza amayi ochepa olembedwa ntchito. Mayi wogulitsa tomato, wa ganyu ndi wolima munda wake alibe tchuthi china kupatula masiku a m'chikuta. Tchuthi chake ndi mwamuna kapena mbale amene wavomera kutenga khasu ndi ndowa m'malo mwake.

Sabata 2 za abambo nazo zili ndi ntchito yake. Sizidaperekedwe kuti munthu akasewere bawo pansi pa mtengo wa mango, kapena kuti akagulire anzake mowa powauza kuti kunyumba kwabwera mlendo. Ndi nthawi yotunga madzi, yochapa matewera, yophikira ana aakulu ndi yoperekeza mayi kusikelo. Palibe mwambo wa makolo umene udaletsa mwamuna kuwaza nkhuni.

Matewera otaya, amene ambiri amawatcha mapampasi, ndiwo dzenje lina lomeza ndalama. Khanda likamasinthidwa ka 6 pa tsiku, pa chaka limatha matewera 2,190, ndipo lililonse ndi ndalama yothera kudzala. Matewera a nsalu 12 okha amalera mwana woyamba, n'kudzaleranso wachiwiri. Koma pano napo pafunika chilungamo. Thewera la nsalu limafuna madzi, sopo, dzuwa ndi manja, ndipo ku Ndirande kapena ku Mtandire, kumene ambiri amagula madzi ndowa ndi ndowa, mayi wochoka m'bandakucha n'kubwera dzuwa litalowa ali ndi chifukwa chomveka chogulira otaya. Nzeru imene amayi ambiri adaipeza okha ndi yosakaniza: a nsalu pakhomo masana, otaya usiku ndi paulendo. Chimene chilibe chifukwa ndi kutaya matewera akuda m'ngalande ndi m'mitsinje monga Mudi ndi Lilongwe, kumene agalu amawamwaza ndipo mvula imawakokolera kwa anthu otunga madzi kumunsi.

Zina zotsalazo n'zamanyado, ndipo sizifuna mawu ambiri. Phwando la mwana asanabadwe, limene a m'tauni adalitengera kunja ndi dzina lake lomwe la baby shower, zovala zofanana za alendo, wojambula zithunzi zoika pa Facebook, ngolo yokankhira mwana m'dera lopanda msewu wosalala, nsapato za munthu amene sanayambe n'kukwawa komwe, keke yosanjikiza ya mwana wa chaka chimodzi: zonsezi khanda silizidziwa. Malaya a khanda amathina pakangotha miyezi 2, ndipo a pa kaunjika kapena osiyiridwa ndi mkulu wake amafunda chimodzimodzi. Chitenje chimabereka mwana bwino kuposa ngolo iliyonse, ndipo madokotala eni ake amalangiza kuti mwana wobadwa masiku asanakwane aziikidwa pachifuwa pa mayi, khungu ndi khungu, namangidwa ndi chitenje chomwecho. Wopeza bwino akafuna phwando, ndalama nzake. Choipa n'chakuti mesenjala amaonera kwa abwana, natenga ngongole ya chiwongoladzanja poopa kunyozeka. Chikhalirecho khanda silibwera modzidzimutsa ngati maliro. Limapereka chenjezo la miyezi yambiri, nthawi yokwanira kuti banja liziponya kangachepe ku banki mkhonde kapena kusunga mbuzi imodzi yodzagulitsa tsiku la ulendo wa kuchipatala.

Pamene ndalama zikufunikadi ndi pamene makolo ambiri amaumira, ndipo apa ndi pa mbale ya phala. Mwana akakwanitsa miyezi 6 bere lokha silimukwaniranso, ngakhale ayenera kupitiriza kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kuposerapo. Mimba yake njaing'ono, kotero supuni iliyonse iyenera kukhala ndi kanthu. Phala la ufa woyera lamadzimadzi, lothira mchere kapena shuga basi, limadzaza mimba popanda kumanga thupi. Phala la mgaiwa lolimbirako, lothira nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, dzira, usipa wosinja, masamba kapena supuni ya mafuta ophikira, ndilo chakudya. Likuni Phala, amene adatenga dzina lake ku chipatala cha mishoni cha Likuni ku Lilongwe, si mankhwala achilendo ayi: kwenikweni ndi chimanga magawo 4 ndi soya gawo limodzi, zinthu zimene mlimi wa ku Mchinji kapena ku Kasungu amakolola m'munda mwake.

Chodabwitsa n'chakuti maboma ena olima kwambiri mtedza, soya ndi nyemba, monga Mchinji ndi Dedza, adapezeka mu 2015-16 ali ndi ana opinimbira ochuluka kuposa muyeso wa dziko lonse. Chifukwa chimodzi chimaoneka pa nthawi yokolola. Mavenda akafika ndi masikelo awo, banja limagulitsa mtedza wonse ndi soya yense, ndalama n'kulowa m'thumba la bambo, ndipo pofika Okutobala m'nyumba mulibe ngakhale nsinjiro zodzaza chikho. Nkhuku zilipo, koma mazira ngogulitsa kapena ngofungatiritsa, mwana osalawa. Kenaka pa tsiku la msika mwana yemweyo amugulira tizakudya ta m'mapaketi ndi zakumwa zotsekemera, ndi ndalama imene ikadagula dzira. Mlangizi wa zaulimi amene amaphunzitsa kabzalidwe ka soya, koma osanenapo kuti ndowa ziwiri zitsale za phala la mwana, ntchito yake waisiyira panjira. Zilipo zaka zina zimene palibe chosunga, monga pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndiponso pa chilala cha 2024 pamene maboma 23 adalengezedwa kuti ali pa ngozi. M'zaka zotere mayi woyembekezera ndi mwana wosakwana zaka 2 ndiwo ayenera kukhala oyamba pa mndandanda wa olandira thandizo, ndipo mafumu ndi makomiti olemba maina adziwe zimenezo.

Kupinimbira si kufupika kwa kumtundu monga ena amanenera. Ndi chizindikiro chakuti thupi ndi ubongo sizidalandire zokwanira m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, ndipo zimene zatayika pa nthawi imeneyo n'zovuta kuzibweza. Mu 2010 ana 47 mwa ana 100 osakwana zaka 5 adali opinimbira. Mu 2015-16 adali 37. Kafukufuku wa mtengo wa njala amene adatulutsidwa mu 2015 adawerengera kuti m'chaka cha 2012 chokha dziko lino lidataya K147 biliyoni, kapena magawo 10 mwa magawo 100 a chuma chonse chimene lidapanga chaka chimenecho, chifukwa cha kuperewera kwa zakudya m'thupi mwa ana. Ndalamazo zidathera pa kuchiza matenda, pa ana obwereza makalasi, ndi pa akuluakulu ogwira ntchito mofooka chifukwa adakula movutika. Chiponde chimene chimaperekedwa m'zipatala kwa ana onyentchera chapulumutsa miyoyo yambiri, koma nacho n'chopangidwa ndi mtedza, mkaka, mafuta ndi shuga. Ndiye kuti mtedza umene bambo adagulitsa motchipa mu Juni uyenera kugulidwanso modula kuti uchize mwana wake mu Febuluwale.

Mawu akuti kulera m'Chichewa ali ndi matanthauzo awiri, kusamala mwana ndiponso kupereka mpata pakati pa mwana ndi mng'ono wake, ndipo pa nkhani ya ndalama awiriwa sasiyana. Makolo akale ankadziwa zimenezi. Banja lotumbiza linkadzudzulidwa ndi anamkungwi, pakuti ankaona okha kuti mwana wochotsedwa kubere msanga amatupa miyendo ndi kufiira tsitsi, matenda amene ankawatcha utumbidwa. Boma lidavomereza ntchito ya kulera m'zipatala mu 1982, ndipo bungwe la WHO limalangiza kuti mayi akabereka adikire miyezi yosachepera 24 asanatengenso pathupi. Mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7 pa moyo wake. Pofika 2015-16 chiwerengerocho chidali pakati pa 4 ndi 5. Ngakhale zili choncho, kalembera wa 1966 adapeza anthu 4 miliyoni, pamene wa 2018 adapeza oposa 17.5 miliyoni, pa nthaka yomweyo. Ana ndi chuma, palibe wotsutsa; koma banja lokhala ndi makanda awiri nthawi imodzi limagula zonse pawiri, kuchokera m'thumba limodzi ndi m'thupi la mayi mmodzi. Njira zolera zimaperekedwa mwaulere m'zipatala za Boma, ndipo chimene chimalepheretsa amayi ambiri ndi mwamuna amene sadapondepo kusikelo chibadwire, koma ndiye wogamula nkhani.

Khanda lodula kuposa onse ndi lobadwa kwa mwana mnzake. Kafukufuku wa 2015-16 adapeza kuti atsikana 29 mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena ali ndi pathupi poyamba. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adakonzedwa kuti agwirizane nalo. Pa khanda lotere ndalama ya matewera njochepa poyerekeza ndi sukulu ya mayi wake imene yaima, ndipo wolipira kawirikawiri amakhala agogo aakazi, amene ankayesa kuti adamaliza kulera.

Pomwepa pakutulukira munthu amene sapezeka m'mawerengero onsewa, ndiye bambo wothawa udindo. M'madera a chikamwini ena amabisala kumbuyo kwa mwambo, namati ana ndi a kuchikazi, akawaone ndi amalume awo. Koma mwinimbumba wa kale ankayang'anira ana a mlongo wake pamene mkamwini nayenso ankalima munda wa banjalo ndi kumanga nkhokwe. Mwambo sudamasule mwamuna kuti azingobereka n'kumapita. Ena adapita ku Joni, natumiza bulangete ndi foni chaka choyamba, kenaka zii. Ndipo ena, n'zochititsa manyazi kunena, ali m'maofesi a Boma momwemu, amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo posamutsidwa kuchoka ku boma lina kupita ku lina amasiya khanda paliponse pamene adagwirapo ntchito.

Malamulo aakulu a dziko lino amanena mosabisa kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wolandira chisamaliro kuchokera kwa makolo ake, kaya ali pa ukwati, kaya sadakwatirane, kaya ukwati udatha. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapatsa khoti mphamvu yolamula kholo lonyalanyaza kuti lizipereka ndalama zolerera mwana. Amayi ambiri sapita kukhoti chifukwa cha mantha, manyazi, kapena chifukwa adalangizidwa kuti nkhani za m'banja sizituluka pakhomo, ndipo ena sadziwa n'komwe kuti lamulolo lilipo. Nkhani zotere zimayamba zafika kwa ankhoswe, kwa nyakwawa, kapena kwa wapampando wa nthambi. Ankhoswe akalephera, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ilipo pa boma lililonse, ndipo khoti la majisitireti silikakamiza mayi kubwera ndi loya. Wapampando amene walandira dandaulo lotere amuuze mayiyo zimenezi momveka bwino, ndipo ngati n'kotheka amuperekeze konko ndi buku la kusikelo la mwana m'manja, ngakhale wodandauliridwayo atakhala mlembi wa nthambi yomweyo.